Abale Ake a Mikaili

Chinayamba kusowa ndi mchere. Kulusumu anadzuka m'mawa wina, m'nyengo ija makatapila ankagumula tchire kutsidya kwa Lingadzi kuti amange likulu latsopano, n'kupeza chitini cha mchere chilibe kanthu, chivundikiro chake atachiika pambali mwaulemu ngati wakubayo ankaopa kudzutsa anthu. Shuga amene anali pashelefu yam'mwamba sanakhudzidwe. Kwa aneba, mumdadada womwewo wa nyumba za ku Area 1, kunasowa khasu, koma wakubayo anagulula chitsulo chokha n'kusiya mpini. Chilichonse chimene chinkasowa chinali chapafupi ndi nthaka, ndipo pafumbi la kuseri kwa khitchini panali timapazi ta munthu wosavala nsapato, tatifupi koma totambalala, tosiyana ndi ta mwana.

Kulusumu anati ndi ana osalangidwa, n'kutenga tsache. Tsoka lake anasesa mochedwa, amuna a pabawo atationa kale.

Amunawo analipo atatu, ndipo ankakhala pakhonde la nyumba yake madzulo aliwonse akusewera bawo. Woyamba anali mwamuna wake, Che Sumaila, telala amene makina ake osokera ankapuma kuposa pakamwa pake. Wachiwiri anali a Bonaventure, kalaliki wa muofesi ina ku City Centre, wovala tayi ngakhale Loweruka. Wachitatu anali a Bauleni, mlonda wa nyumba ina imene inkamangidwa ku Area 9, munthu wochokera kumidzi imene inasamutsidwa kuti mzinda ukule. Masiku amenewo munthu ankayamba wacheuka asanadandaule ngakhale za mtengo wa sopo, choncho ngwazi zitatuzi zinadzipezera nkhani imene sizikanamangidwa nayo. Nkhaniyo inali ya Akafula, anthu aafupi aja amene makolo amati ankakhala m'dziko muno anthu ena onse asanafike. Palibe mwa atatuwa amene anaonapo Kafula ngakhale kutulo, koma ankalimbana za kumene anthuwo anachokera ngati akulimbirana malire a munda.

"Ndi majini amenewo," ankatero Che Sumaila akuseweretsa njere za bawo m'manja. "Anathawa ntchito kwa Nabi Sulaimana, anawoloka nyanja n'kudzabisala kuno. N'chifukwa chake saoneka masana."

"Nonsensi," a Bonaventure ankayankha. "Ine ndinawerenga. Anatsika wapansi kuchokera kunkhalango za ku Congo. Kufupikako ndi nkhani ya dayeti basi, kudya uchi ndi mbewa zokhazokha."

A Bauleni ankapukusa mutu. "Inu mukunena ngati anachita kubwera. Eni dziko sabwera. Anatuluka m'nthaka momwemu, ndipo ife titafika anabwereramo. Pano makatapila akuwagumulira madenga, mukuti apite kuti?"

"Evidensi, a Bauleni. Kodi sukulu munalekezera pati?"

Pamenepo awiri enawo ankaseka chikhakhali, a Bauleni n'kuzyolika. Kulusumu ankamva zonsezi ali kukhitchini, ndipo ankawanyoza ndi mtima wake wonse. Amuna aakuluakulu, ena a imvi kale, kumataya malovu pa anthu amene sanawaonepo, tiyi akumwa wake.

Tsopano timapazi tija tinawapatsa nkhuni zatsopano. Che Sumaila anati majini amadana ndi mchere, ndiye akuuchotsa kuti ayende momasuka. A Bonaventure anati anthu a m'nkhalango amasowa mchere, izi n'za sayansi. A Bauleni anati ndi msonkho wa eni nthaka. Chinthu chimodzi chomwecho chinatsimikizira aliyense kuti wolondola ndi iyeyo.

Kulusumu akanangozisiya ngati phokoso la achule pakanapanda mlongo wake. Mikaili anali mwamuna wa ndevu zake, mmisiri wokhoma ndowa, mbaula ndi nyale za koloboyi, koma msinkhu wake unalekezera m'chiuno mwa munthu. Ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, moyang'anizana ndi kanjira kotsikira kumtsinje wa Lilongwe. Mayi awo pomwalira anamusiya m'manja mwa Kulusumu, ndipo iye anamulera ndi ukali, kumenyana ndi aliyense womuseka. Ana a m'misewu ankamuthamangira akufuula kuti, "Mwandionera pati?" chifukwa makolo amati Kafula amafunsa funso limeneli, ndipo wofuna moyo amayankha kuti wamuonera kutali, kuti mwini wake adzimve kutalika. Mikaili ankangokhoma malata ake.

M'mawa wina timapazi tija tinapezekanso. Ulendo uno sitinapite kukhitchini. Tinachokera kukanjira ka kumtsinje, tinadutsa pansi pa mtengo wa mapapaya, n'kukaima pakhomo la Mikaili, zala zitaloza chitseko.

Madzulo a tsikulo kunachitika chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Amuna a pabawo anamuitana Mikaili kuti adzakhale nawo. Kwa zaka zonse zimene anakhala panyumbapo, palibe anamusunthirapo mpando, koma tsikulo Che Sumaila anamuthirira tiyi ndi dzanja lawo.

"Alamu, khalani apa. Tatiuzani, mumalota zotani?"

A Bonaventure anabwereka tepi yoyezera nsalu, anamuimiritsa, n'kuyamba kumuyeza mikono ndi chipumi. Kulusumu atatuluka ndi mbale n'kuona zimenezi, anangolanda tepiyo n'kuiponya pamakina.

"Mlongo wanga si nsalu ya thalauza," anatero. "Mayi athu anamubereka ine ndikuona, m'nyumba ya udzu ku Mangochi. Panalibe jini, panalibe Congo. Ngati mwasowa chochita, a Bonaventure, kachapeni tayi yanuyo."

"Mayi, ifetu tikungofufuza," kalalikiyo anatero akukonza kolala. "Magazi amabisala mibadwo yambiri kenako n'kudzatulukira."

"Akudzatenga wawo," a Bauleni ananena motsitsa mawu, maso ali pabawo. "Mbale saiwalika."

Chimene chinamulasa Kulusumu si mawu amenewa, pakuti mawu a zitsiru anali atawazolowera. Chinali nkhope ya Mikaili. Anali atagwira kapu ya tiyi ndi manja awiri, akumvetsera ngati mwana amene akuuzidwa za kwawo kumene sanafikeko.

Nkhani siyenda ndi miyendo koma imafika. Pampopi amayi anayamba kuleka kulankhula Kulusumu akafika. Ena ankati kamunthu ka kwa Che Sumaila kamatsegulira abale ake usiku. Ena ankati anamva kuti ku Area 13 katapila inagwera m'dzenje, ndipo m'dzenjemo munali timiphika ndi timipando. Mayi wina anabweza koloboyi amene anagula, ati lawi lake limapendekera kumtsinje ngakhale kulibe mphepo. Kulusumu anaona kumene zinthu zinkalowera. Anthu akanamuthamangitsa mlongo wake, kapena, choopsa kuposa pamenepo, Mikaili mwiniyo akanayamba kukhulupirira.

Usiku wina Kulusumu anadzidzimuka kutulo osadziwa chamudzutsa. Kunali mdima wa ndiweyani, mwezi kulibe, ndipo agalu a m'dera lonselo, amene ankauwa ngakhale tsamba likagwa, anali chete. Kunkangomveka mtsinje kumunsi, ukukhuluma pamiyala. Kenako anamva kugogoda. Sikunali pachitseko chake, kunali kuseri, kwa Mikaili. Kunali kwapansipansi, kosafulumira, kwa munthu amene akudziwa kuti adzatseguliridwa. Ndipo kunkamveka m'munsi mwa chitseko, pamene munthu wamtali akanachita kugwada kuti afikepo.

Anagwedeza mwamuna wake. "Bambo, mukumva?"

Che Sumaila, katswiri wa za majini, anakoka bulangeti n'kufunda kumutu. "Gona," ananong'ona. "Zimenezo munthu satuluka kukaziona."

Kulusumu anakhala tsonga pabedi. Anamva bedi la Mikaili likulira, kenako mawu ake ofunsa motsitsa kuti, "Ndani?" Panalibe yankho. Chitseko sichinatsegulidwe. Koma panapita nthawi yaitali bedi lija lisanalirenso.

Kutacha anapeza Mikaili atakhala pachitsa chake, nyundo ili pansi, phala la dzulo lisanakhudzidwe. Maso ake anali atalowa m'kati.

"Unatsegula?"

"Ayi, achemwali."

"Ndiye usadzayerekeze. Ndi akuba amenewo, kapena zidakwa."

Mikaili anatola kachidutswa ka lata n'kumakatembenuza. "Ndinaika khutu pamng'alu wa chitseko, nditaimirira. Kunja kunali munthu akupuma. Mpweya wake unkandifika m'khutu mwenimweni." Anakweza maso. "Achemwali, chibadwire changa aliyense amene anaimapo pafupi nane, mpweya wake umandigwera pamutu."

Mawu amenewa anamupsetsa mtima Kulusumu. Anamukalipira kuti adye phala, n'kuchoka.

Kugogoda kunabweranso usiku wotsatira, ndi winanso. Mikaili anasiya kukhoma. Ankakhala tsiku lonse akuyang'ana kanjira ka kumtsinje, akuonda, osadandaula kuti pena pakupweteka. Shehe anabwera kudzamuwerengera dua, pemphero la machiritso, ndipo anachoka akuti thupi la munthuyu lilibe vuto. Pakhonde ndiye panali chikondwerero. A Bonaventure anali atasintha maganizo pang'ono, tsopano ankati mwina anthuwo anatsika ku Congo kudzera m'mapanga a pansi pa nthaka. A Bauleni ankakhala chotambalala, akulandira ulemu umene sanaulandirepo.

"Wamisala anaona nkhondo," ankatero. "Munkandiseka."

Kulusumu anayamba kutiyang'anitsitsa timapazi tija asanasese. Anali mkazi wa telala, ndipo diso lake linkadziwa zinthu zodulidwa papatani imodzi. Phazi lililonse lamanzere linali ndi kamzere kofanana pachidendene. Zala zonse zinkadinda mofanana, pofewa ndi polimba pomwe, ngati mwini wake alibe kulemera. Sanauze munthu. Madzulo anafunda chitenje chakuda, anatenga munsi, n'kukabisala m'bafa la udzu loyandikana ndi mtengo wa mapapaya.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Udzudzu unamudya, miyendo inachita dzanzi, nyali za m'nyumba zonse zinazima. Kenako anamva tcheni cha njinga chikulira chapatali, n'kusiya. Udzu wa m'kanjira unayamba kuphwanyika pang'onopang'ono. Chinthu chakuda chinatulukira, chowerama, chikuyenda cham'mbali mwa njira pamene pali kapinga, chikutambasula manja n'kumadinda pafumbi, kumanja, kumanzere, kumanja. Chinali chitavala chijasi cha mlonda.

Kulusumu sanafuule. Anangotuluka n'kutsitsa munsi paphewa la munthuyo. A Bauleni anagwa chagada, ndodo ziwiri zikugwera uku ndi uku. Kunsonga kwa ndodo iliyonse kunali kaphazi kosema bwino, kokhomeredwa ndi msomali.

"Mayi, mayi, ndine," ananong'ona atagwira phewa. "Musaitane anthu, ntchito ingandithere."

"Nyumba ya bwana wanu ikudzilondera yokha, inu muli kuno kudinda fumbi ngati nkhuku. Mchere wanga uli kuti?"

"Ulipo, ndibweza. Khasu lija liliponso."

"Chifukwa chiyani, a Bauleni? Munthu wamkulu ngati inu?"

Mlondayo anakhala pansi akupumira m'mwamba. "Ankandiseka tsiku ndi tsiku, mayi. Evidensi, evidensi. Ndinati ndiwapatse evidensi yawoyo. Sindinafune kupweteka munthu."

Kulusumu anatola ndodo zija. Tulo take, mbiri ya nyumba yake, thupi la mlongo wake, zonse zinathera kuti nkhalamba ipambane mkangano wa pabawo.

"Ndipo kumagogoda pachitseko cha munthu wodwala, osachita manyazi."

A Bauleni anakweza mutu. "Kugogoda?"

"Musandiyese mwana."

"Mayi, ine ndimadinda n'kuthawa. Chitseko chimenecho sindinachikhudzepo. Ndingagogode bwanji, nanga akanatsegula?" Anayang'ana kukachipinda kaja, kenako kukanjira kamene anadzera, ndipo mawu ake anachepa. "Mukuti kumabwera wogogoda?"

"Chokani," anatero Kulusumu. Bodza la munthu wogwidwa sankaliwerengera. Mlondayo anadzuka, ndipo pobwerera sanadzere kumtsinje kumene anasiya njinga yake. Anazungulira kumsewu, akuyenda mofulumira.

Kulusumu anakoleza mbaula pomwepo, anathyola ndodo zija, n'kuika timapazi tonse tiwiri pamoto. Anadikira mpaka titayaka bwinobwino. Kenako ananyamula mbaulayo n'kupita nayo pakhomo la mlongo wake, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri.

"Mikaili, tsegula, ndine."

Anatsegula msanga, ndipo zinaonekeratu kuti sanagone. Anali atavala malaya ake opitira kumzikiti Lachisanu.

"Taona abale ako," Kulusumu anatero akuloza pamoto, akuseka. "Mitengo. Anasema ndi a Bauleni kuti a Bonaventure awapatse ulemu. Ndawagwira ndekha. Kulibe Akafula, kulibe majini, kulibe wina aliyense amene akukufuna kumtsinjeko. Zonsezi n'zopeka za amuna osowa zochita. Wamva? Tsopano ugone, mawa udye."

Mikaili anayang'ana kaphazi kamene zala zake zinkasanduka makala. Anayang'ana nthawi yaitali, kuwala kwa moto kukusewera pandevu zake.

"Ndiye kuti kulibe," anatero.

"Kulibe."

"Ngakhale mmodzi."

"Ngakhale mmodzi. Uli ndi ine, sizokwana?"

"N'zokwana, achemwali. Zikomo." Anatseka chitseko mofatsa.

Kulusumu anagona tulo tofa nato, tulo ta munthu amene wapambana. Ngati kunagogodedwa usiku umenewo, iye sanamve. Anadzutsidwa ndi mawu oitanira anthu ku swala ya m'bandakucha kumzikiti, ndipo atatuluka ndi ndowa anapeza chitseko cha Mikaili chili pululu. Bulangeti linali lopindidwa bwino. Nyundo, lumo la malata ndi nsapato zake za matayala sizinalimo.

Anadzutsa mwamuna wake, amene anayamba kufotokoza kuti majini akatenga munthu amadzera kum'mawa. Kulusumu anamusiya akulankhula n'kutsika yekha kanjira ka kumtsinje. Kunali nkhungu, udzu unali wonyowa, ndipo njinga ya a Bauleni inali ikadali pomwe anaisiya, itatsamira chitsamba. Anaitana dzina la mlongo wake mpaka mawu anasasa. Kutsidya kunayankha tambala yekha.

Anamufuna kulikonse masiku otsatirawo, kumsika, kudepoti ya mabasi, kuchipatala, ngakhale ku Mangochi anatumiza uthenga. Anyamata anafufuza m'mabango mpaka kumunsi kwa mlatho, osapeza ngakhale nsapato. Maliro asanaganiziridwe n'komwe, bawo inali itabwerera pakhonde. A Bauleni sanabwerenso, koma maganizo awo anatsala, ndipo a Bonaventure anawatenga ngati awo. Che Sumaila ankauza aliyense wobweretsa nsalu kuti iwo ankadziwa kuyambira kale kuti mlamu wawo uja sanali munthu wamba. Kulusumu anasiya kuwaphikira tiyi, ndipo sanawauze chimene anaona kumtsinje m'mawa uja, pakuti akanachitafuna mpaka kuchisandutsa nkhani ya pabawo.

Pamatope a m'mphepete mwa madzi panali zidindo za nsapato za matayala, zimene akanazizindikira ngakhale pakati pa msika. Sizinali zokha. Kumanja ndi kumanzere kwake kunali mapazi ena osavala nsapato, aafupi, otambalala, ena akuya ena osaya, ena a chala chopindika, osafanana ngakhale awiri. Panalibe pokokana kapena poterereka. Onse analunjika kumadzi limodzi.

Kulusumu anagwada n'kuyang'anitsitsa mayendedwe a mlongo wake. Moyo wake wonse Mikaili ankayenda chothamanga, chidendene chosafika pansi, kuti asatsalire m'mbuyo mwa anthu a miyendo yaitali, ngakhale m'mbuyo mwa iye Kulusumu popita kumsika. Apa chidendene chilichonse chinadinda chonse, mofatsa, mogwirizana ndi mapazi a m'mbali mwake. Sankathamangira munthu.